Kusamutsa Agalu a Bambo

Kwawo ankamutchula kuti Mzime chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa, ndipo dzinalo linamukanirira ngakhale pamene iye anali ndi ana akeake opita kusukulu. Ankagwira ntchito pamalo osindikizira makadi a ukwati ndi zikwangwani. Ntchito yake kumeneko inali kudula mapepala, kupinda ndi kumata, koma poti pamalopo panali makompyuta, abale onse anangogwirizana okha kuti Mzime ndi katswiri wa makina. Foni ya azakhali ikasiya kulira, aitaneni Mzime. Wailesi yakanema ikayamba kuonetsa mpunga wokhawokha, Mzime yemweyo.

Choncho achimwene ake, omwe ankagwira ntchito kutali n'kumabwera mwa apo ndi apo, atatumizira bambo awo laputopu yatsopano, panalibe wofunsa kuti asamutse zinthu kuchoka mu kompyuta yakale ndani. Achimwenewo anaimba foni ali pa liwiro, kumbuyo kukumveka magalimoto. Anati ndi ntchito yochepa, kungokopa uku n'kuika uko, tiyi asanazizire akhala atamaliza. Mzime anafuna kuwafunsa kuti ngati ili yochepa chomwecho bwanji sanadikire kuti adzaigwire okha, koma foni inali itadulidwa kale.

Loweruka m'mawa anasiya zochapa zili m'madzi n'kukwera minibasi kupita kwa makolo ake. M'chikwama anatenga kabokosi kosungiramo zinthu za pa kompyuta, kaja amati hadi diraivi, kakang'ono ngati sopo wosambira.

Bambo ake anali dokotala wa ziweto wopuma pantchito. Chipumireni, ankalemba buku la matenda a agalu, ndipo bukulo linali litadya zaka zambiri moti anthu anasiya kufunsa kuti lituluka liti. Ankalembera m'chipinda chomwe Mzime ankagona ali mtsikana. Pamene panali bedi lake tsopano panali tebulo lalitali, pawindo panali chigaza cha galu chopsinjira mapepala, ndipo pashelufu panali botolo la nkhupakupa zoviikidwa m'mankhwala lomwe mayi ake anakana kalekale kulipukuta fumbi. Mpando wabwino unalipo umodzi, ndipo unali ndi mwini wake. Mzime anamupatsa kampando ka pulasitiki kothyoka kotsamira.

Kompyuta yakaleyo inali pansi pa nsalu. Bambo anavundukula nsaluyo pang'onopang'ono n'kuipinda kanayi. Bokosi lake, lomwe kale linali loyera, linali litachita chikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Batani loyatsira linali litamira mkati, moti ankalikankha ndi chivindikiro cha cholembera chomwe chinkakhala pomwepo chomangirira ndi ulusi. Itayaka, inayamba kulira ngati chigayo cha kutali.

Mayi ake anasuzumira pakhomo atanyamula makapu. Anati akondwa kuti mkazi mnzawo, kompyutayo, wapeza womulowa m'malo, poti zaka zonsezi ndiye amadzutsidwa moyamba m'mawa n'kufunditsidwa nsalu madzulo. Bambo anachita ngati sanamve. Anauza Mzime kuti asakhudze kanthu mpaka kompyutayo itamaliza kuganiza, chifukwa ukaifulumizitsa imanyanyala.

Anadikira. Tiyi anabwera, anamwa, makapu anachotsedwa. Pamapeto pake sikirini inawala, ndipo Mzime anangoti kukamwa yasa. Mafayilo anali atadzaza paliponse, kuchoka pamwamba mpaka pansi, ena atakwerana. Kumbuyo kwake kunali chithunzi cha galu, koma chimene chinkaoneka ndi khutu limodzi basi. Anayamba kuwerenga mayina: "buku", "buku latsopano", "buku latsopano lenileni", "buku ili ndiye", "osakhudza", "osakhudza zenizeni", ndi ina yongolembedwa kuti "kkkkk", yomwe bambo anati mphaka ndiye anaitcha dzina ataponda pa kiyibodi, koma m'katimo muli zofunika.

Mzime anayesa kunena mwaulemu kuti zambiri mwa izi n'zofanana, bwanji asankhe zokhazo zofunika, zinazo zitsale. Bambo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati munthu posamuka sasiya mwana kunyumba yakale chifukwa choti akufanana ndi mkulu wake. Zonse zipite.

Kabowo kolowetsera chingwe kutsogolo kwa bokosi kanali kakufa. Mzime anagwada n'kukwawira kunsi kwa tebulo, kumene anapezako akangaude, silipasi imodzi ndi mulu wa nthambo zopiringizana. Bambo anamuunikira ndi tochi, koma ankaunika kumene iwo ankaganiza kuti kabowoko kayenera kukhala, osati kumene kanali. Atatuluka, tsitsi lili ndi ulusi wa kangaude, mawondo atatuwa, anasankha mafayilo onse n'kuyamba kukopa.

Kabokosi ka uthenga kanatulukira pasikirini kakunena kuti kwatsala mphindi zochepa. Mzime anapuma. Kenaka kanasintha maganizo n'kunena maola. Pasanapite nthawi kanayamba kutchula masiku. Mzime anakumbukira zochapa zake zili m'madzi.

Bambo sankatha kukhala chete pamene kompyuta yawo ili m'manja mwa wina. Anaona dzina la chithunzi china likudutsa pasikirini, n'kunena kuti ameneyo ndi galu wa wogulitsa matabwa uja anameza mpira, Mzime ayenera kumuona. Asanawaletse, dzanja lawo linali kale pa mausi. Anadina kawiri. Chigayo chija chinakweza mawu, sikirini inachita mbuu, ndipo chilichonse chinauma pomwepo.

"Ababa, ndinati musakhudze."

"Sindinakhudze. Ndangoloza."

Anayambiranso. Kuzimitsa, chivindikiro cha cholembera, kudikira kuti imalize kuganiza. Ulendo wachiwiri kukopa kunafika pakati n'kuima kokha, popanda woloza. Ulendo wachitatu kunatuluka uthenga woti kompyuta yadzaza, ilibe malo opumira, ndipo inkafunsa ngati ingataye zimene zili m'bini kuti ipepukidwe. Nthawi imeneyo bambo anali atatuluka kukatsegulira munthu pageti. Foni inalira, anali achimwene, kufunsa ngati adadi akusangalala ndi mphatso yawo. Mzime anawauza kuti mphatsoyo ikanali m'katoni, n'kuwawerengera uthengawo. Iwo anaseka. Anati nanga chofunsa n'chiyani, bini ndi bini, taya. Mzime anadina povomera. Kompyuta inachita kaphokoso ngati pepala likukwinyidwa, kenaka inayambadi kuyenda bwinoko.

Anadya chakudya chamasana kukopa kukupitirira. Dzuwa litapendeka, zonse zinali zitalowa mu hadi diraivi. Mzime anatulutsa laputopu m'katoni, naiyatsa, ndipo inayaka bambo asanamalize kukhala pansi, zomwe iwo sanazikonde. Anati chinthu chodzuka mofulumira chonchi sichingakhale ndi maganizo. Mafayilo analowa mosavuta. Mzime anawaika mu foda imodzi, anawaonetsa potsegulira, anawaphunzitsa kuyendetsa chala pamalo pa mausi. Chala chawo chinkathamangitsa kamuvi kuchoka ngodya ina kufika ina, koma anayamba kuzolowera. Mzime anayang'ana kumene kunali chikwama chake.

"Nanga dengu langa lili kuti?" anafunsa bambo.

"Dengu lanji?"

"Dengu. Lija limakhala pangodya apa. Muja ndimaikamo mitu yomwe ndamaliza."

Mzime anaiwala za chikwama chija. Anafunsa pang'onopang'ono ngati akunena kachithunzi kaja kooneka ngati kadengu ka mawaya, kokhala ndi mapepala m'kati. Bambo anavomera mokondwa kuti komweko. Anafotokoza kuti zonse zili pasikirinizi n'zoyeserera chabe, zolemba zosapsa. Mutu uliwonse akaupala n'kuusalaza mpaka kukhutira nawo, ankaukokera m'dengumo kuti usasokonezeke ndi zinazo. Munali mwabwino, anatero, chifukwa simusowa, ndipo adzukulu akabwera kudzasewera pa kompyuta sankatsegulamo. Zaka zonsezi sanatayepo kanthu.

"Ababa, limene lija si dengu. Ndi bini. Ndi motayira zinyalala."

"Ine sindinatayemo zinyalala."

Mzime anabwerera pa kompyuta yakale, ngakhale ankadziwa chimene akapeze. Kadengu kaja kanali pangodya pake, koyera, kopanda pepala ndi limodzi lomwe. Anatsegula. Munali mbee.

Anawauza zimene zinachitika, mosabisa, kuyambira pa uthenga uja mpaka pa kaphokoso ka pepala. Ankayembekezera kuti akalipa, ndipo mumtima anali atakonza kale mayankho ake. Koma bambo anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, anawavalanso n'kuyang'ana m'dengu mopanda kanthumo kwa nthawi. Kenaka anadzuka n'kutuluka. Pawindo Mzime anawaona atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, akupapasa makutu a galu wawo wokalamba, kufunafuna nkhupakupa zomwe panalibe.

Mtima wa Mzime unali fuu, koma sankadziwa woti amupsere mtima. Anapsera mtima bambo ake, munthu wophunzira wotha kung'amba galu pamimba n'kumusokanso, koma wosunga ntchito ya moyo wake m'bini. Anapsera mtima munthu wosadziwika amene anajambula bini mokongola ngati dengu la zipatso. Anadzipsera yekha mtima chifukwa chosatsegula kaye n'kuona, chinthu cha kamphindi. Kenaka anaimbira achimwene. Iwo anayamba ndi kufunsa kuti munthu wanzeru zake amasunga bwanji zinthu m'bini, ndipo anawonjezera kuti komabe Mzime akanafunsa kaye adadi asanadine. Mzime anayang'ana foniyo ngati aiponye pakhoma, koma anakumbukira kuti ndi yake, n'kungoidula.

Mayi ake analowa, anaima pambuyo pake, n'kumuchotsa ulusi wa kangaude m'tsitsi. Anati madzi akatayika saoleka, koma awa si madzi, ndi makina, payenera kukhala munthu wodziwa kuwola. Mzime anakumbukira kuti kuntchito kwawo kompyuta ikafa ankaitengera kwa wokonza wina kuseri kwa siteji ya mabasi. Anazimitsa bokosi lija, anazula nthambo zonse, n'kulinyamula pamodzi ndi hadi diraivi yake.

Bambo anakana kutsala. Anavala jekete ngati akuperekeza wodwala kuchipatala, ndipo mu minibasi anaumirira kuti bokosilo likhale pamiyendo pa Mzime osati pansi, kuopa mabampu. Ngodya yake inkamubaya m'nthiti njira yonse.

Wokonzayo ankagwirira ntchito m'kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi odula makiyi. Anthu ankamutchula kuti Bwerani-mawa, ndipo iye ankavomera dzinalo mosakwiya. M'katimo munali makompyuta ong'ambidwa pamimba mpaka kudenga, ndipo mwiniwakeyo anali atakhala pakati pawo, magalasi ali pamphumi, akutafuna mtedza. Anamvetsera nkhani yonse osasiya kutafuna. Anati kufufuta fayilo kuli ngati kuchotsa dzina pachitseko cha nyumba ya lendi: munthuyo amakhala akanali m'katimo mpaka mwininyumba atalowetsamo wina. Ndiye anafunsa ngati anapitiriza kuigwiritsa ntchito kompyutayo atataya za m'binizo. Mzime anati inde, masana onse. Bwerani-mawa anayamwa mano n'kupukusa mutu. Anati ndiye kuti ochita lendi ena anathamangitsidwa kale, koma aona.

Chimene chinamuwawa Mzime n'choti bambo ake ndi munthuyu anagwirizana nthawi yomweyo. Bambo anafotokoza mbiri ya wodwalayo, kuti anayamba liti kulira, amatentha mbali iti, ndipo wokonzayo ankagwedeza mutu ngati dokotala mnzawo. Posakhalitsa anali atagwirizana kuti vuto la ana a masiku ano ndi chala chofulumira. Mzime, mayi wa ana awiri, anaima pakhomo ali ndi fumbi la bokosi pa bulauzi, akumvetsera. Pomaliza wokonzayo anawauza kuti abwere mawa.

Mawa lake kunali kotseka. Tsiku lotsatira Mzime anadzera akuweruka kuntchito, anauzidwa kuti makina akanali kufufuza. Tsiku lina magetsi anali atazima pakati pa ntchito, anayambiranso. Tsiku linanso anapeza wometa tsitsi yekha, yemwe anamuuza kuti mnzakeyo wapita kukagula nthambo ndipo wasiya uthenga woti abwere mawa. Madzulo alionse bambo ankaimba foni, osafunsa za buku, kungofunsa ngati ana ali bwino, kenaka n'kukhala chete kudikira. Kukhala chete kumeneko kunkamulemera Mzime kuposa kukalipa.

Sabata ikutha, Bwerani-mawa anamupatsa hadi diraivi yake ija akumwetulira. Anati wawola zonse zimene zinatheka kuwoleka. Koma anamuchenjeza kuti makina owolera sasankha: abweretsa chilichonse chimene chinafufutidwapo chigulireni kompyutayo, ndipo mayina onse anapita. Mzime atatsegula kunyumba kwa makolo ake Loweruka, anapeza mafayilo osawerengeka, iliyonse dzina lake ndi manambala okhaokha. Panalibe njira ina koma kutsegula imodziimodzi.

Anakhala pa kampando kothyoka kaja, bambo pa mpando wawo, laputopu pakati. Mzime ankatsegula, bambo n'kunena kuti ichi n'chiyani. Zikanayenda msanga bambo akanakhala munthu wongoyang'ana mzere woyamba. Koma fayilo iliyonse ankaiwerenga mpaka pansi, milomo ikugwedera, nthawi zina n'kuseka okha, kenaka n'kunena kuti ayi, iyi ndi yakale, tsegula ina. Mzime akati angoona poyambira pokha, ankayankha kuti kusiyana kwa mutu wakupsa ndi wosapsa kumakhala kumapeto.

Munatuluka zambiri. Zithunzi za agalu zodulidwa pakati, kumtunda galu, kumunsi kotuwa kokhakokha. Nyimbo zomwe achimwene ankamvera ali mnyamata. Chithunzi cha achimwene omwewo atavala buluku lotakata ngati thumba, atapinda manja, ataika magalasi akuda pamphuno, akudziona ngati munthu woopsa. Chimenecho Mzime anachitumiza pa foni kwa akazi awo a achimwenewo popanda mawu alionse, ndipo tsiku limenelo anapepukidwako pang'ono.

Loweruka linatha, linabwera lina. Zochapa anayamba kuchapa Lamlungu. Mwamuna wake anafunsa ngati wasamukira kwawo, kuti adziwe. Koma mitu inayamba kupezeka. Wa chiwewe unatuluka wathunthu. Wa nkhupakupa unapezeka kangapo, ndipo bambo anatha masana onse akusankha weniweni. Wa mphere, wa njoka za m'mimba, wa kubereketsa galu, yonse inabwerera, ndipo uliwonse Mzime ankaupatsa dzina lomveka n'kuuika mu foda yomwe anailemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ZOMALIZA. Kadengu ka pa laputopu anakabisa kuti kasaonekenso pasikirini. Bambo ataona kuti palibe, anati makina atsopanowa ndi osakwanira, koma sanalimbikire.

Mutu umodzi sunapezeke. Anafika pa fayilo yotsiriza, ndipo bambo anati abwerere pa ina yomwe anaidumpha chifukwa inkatseguka ndi tizilembo tosamveka, timabokosi ndi timitanda. Pakati pa zinyalalazo panali mawu ochepa owerengeka: "mwini galu", "jekeseni", "musamuuze kuti". Bambo anatsamira kumbuyo. Anati ndi umenewo, mutu wotsiriza wa buku, wonena za tsiku limene dokotala amauza munthu kuti galu wake sachira ndipo kuli bwino kumugoneka ndi jekeseni kuti afe osamva ululu. Anati mitu ina yonse munthu angaipeze m'mabuku ena, koma uwu anaulemba kuchokera m'mutu mwawo, ndipo unawatengera chaka.

Mzime anabwerera nayo kwa Bwerani-mawa. Kwa nthawi yoyamba munthuyo sanamuuze kuti abwere mawa. Anayang'ana, n'kunena kuti m'nyumba iyi munalowa kale wina.

Bambo anati basi, buku lituluka lopanda mutuwo, kapena lisatuluke n'komwe, palibe amene akulidikira. Ananena akuyang'ana pawindo. Mzime anali atatopa mpaka m'mafupa, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa mwake sichinali chofatsa.

"Ababa, ine ndataya Maloweruka anga onse m'chipinda chino. Simundiuza kuti buku silituluka. Mutuwo unachokera m'mutu mwanu, ndipo mutu wanuwo sindinaufufute. Nenani, ine ndizilemba."

Bambo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati amatha kulemba mofulumira, poti iwo sabwereza mawu.

Anabwereza chiganizo choyamba kambirimbiri. Ankanena, Mzime n'kulemba, iwo n'kuti fufuta, sizinali choncho. Ankadzuka, kuzungulira tebulo, kunyamula chigaza cha galu, kuchibwezera. Akayamba nkhani ya mayi wina yemwe anabwera ndi galu wake pa wilibala, mayi a Mzime ankayankhira ali kukhitchini kuti sanali mayi, anali bambo wosoka nsapato, ndipo sinali wilibala koma njinga. Bambo ankati buku ndi lawo. Mayi ankati galuyo anamuona ndi maso awo, anasanzira pakhonde lomwe iwo anakolopa. Mzime ankakhala manja ali pa kiyibodi, kudikira kuti agwirizane chokwera cha galu.

Koma masana ena bambo anakhala pansi n'kuyamba kulankhula osadzuka. Anati anthu ambiri ikafika nthawi ya jekeseni amapempha kutuluka panja, amati sangapirire kuona. Anati dokotala asawakakamize, koma awauze zoona: kuti galu akamafooka sayang'ana dokotala, amatembenuza maso uku ndi uku kufunafuna nkhope ya mbuye wake, ndipo akapanda kuipeza amapita akufunafunabe. Anati iwo anagwira mitu ya agalu ambiri a eni ake, akuwanong'oneza mayina omwe anangowamva tsiku lomwelo, koma galu amadziwa kuti dzanja ili si lija. Ndiye munthu alimbe mtima, akhale pomwepo, aike dzanja pakhosi pa galu wake, kulira akalire pambuyo.

Mzime analemba osadukiza. Kukhitchini kunali zii. Atafika pamapeto sanafune kutembenuka. Bambo anasendera pafupi, anawerenga pasikirini milomo ikugwedera, n'kuloza ndi chala.

"Apa waika mpumiro pamene sindinapume."

Anakonza mpumirowo.

Mutuwo unatha patapita Maloweruka ena angapo. Bambo atauwerenga wonse anati uli bwino, koma sukufika pa woyamba uja, woyambawo unali ndi kena kake. Mzime anati mwina n'zoona, koma umene ulipo ndi uwu. Bambo anavomera ndi mutu.

Tsiku lomwelo anakopa buku lonse katatu. Kope lina linatsala mu laputopu, lina mu hadi diraivi yomwe anaiika m'dirowa ya bambo, lina pa kafulashi kakang'ono koti akasunge kunyumba kwake. Anawafotokozera kuti chinthu chokhala pamalo amodzi ndiye kuti kulibe, laputopu ikhoza kugwa, kubedwa, nyumba ikhoza kupsa. Akasintha kanthu azimuuza, Loweruka lililonse akabwera azidzakonzanso makope onse. Bambo anaikonda nzeru imeneyi. Anati ndi katemera ameneyu, ndipo anadabwa kuti palibe anawauzapo kale.

Anakwera minibasi dzuwa likanali pamwamba, koyamba pa nthawi yaitali. Anapeza malo pawindo, chikwama chili pamiyendo, ndipo anadzigwira akupapasa kathumba ka m'kati kuti amve ngati kafulashi kalimo. Anali asanafike ndi patheka pomwe pamene foni inalira.

Anali bambo. Anati apeza chiganizo cholakwika m'mutu wa njoka za m'mimba ndipo achikonza pa laputopu, okha, popanda wowathandiza. Koma tsopano kope lomwe Mzime wanyamula lili ndi bodza, atsike abwerere kuti alikonze. Mzime anati Loweruka. Bambo anafunsa kuti nanga nyumba ikapsa Loweruka lisanafike, dziko lidzatsala ndi chiganizo cholakwika? Mzime anatseka maso. Anati anene chiganizocho pa foni pomwepo, achilemba pa foni yake, akakonza akafika.

M'minibasimo munali phokoso, ndiye anakweza mawu a foni kuti amve bwino. Bambo anayamba, pang'onopang'ono, momveka, monga ankachitira pophunzitsa alimi: kuti mwini galu aziyang'ana chimbudzi cha galu wake m'mawa chikanali chofunda, achiphwanye ndi kamtengo, ndipo akaona tinthu toyera tonga mpunga tikuyenda, adziwe kuti alendo afika. Mayi wina yemwe ankadya nthochi pambali pake anasiya kutafuna. Kondakitala anatembenuka. Mzime anafuna kutsitsa mawu, koma bambo anali akunena kale kuti awerenge zimene walemba kuti amve ngati walemba bwino.

Anawerenga, motsitsa. Bambo anati sakumva. Anawerenganso mokweza, minibasi yonse ili chete.

Bambo wina wachipewa yemwe anakhala kumbuyo anamugwira paphewa. Anapepesa chifukwa cholowerera, n'kunena kuti galu wake ali ndi tinthu tomweto, ndipo wakhala akukwekwesa matako pansi sabata yonse. Anapempha kuti awafunsire adokotalawo ngati mankhwala ake ndi a kumwa kapena obaya.

"Ndani ameneyo?" anafunsa bambo pa foni. "Mupatse foniyo. Galuyo ndi wamkulu bwanji?"

Mzime anapereka foni kumbuyo. Inadutsa m'manja mwa anthu awiri isanafike kwa mwini galu. Pamene minibasi inkafika pa siteji yake, awiriwo anali akanali pa zakudya zimene galuyo amadya, ndipo bambo wachipewa uja anamukwezera dzanja kumupempha kuti adikire pang'ono. Kondakitala anafunsa ngati akutsika kapena ayi. Mzime anayang'ana nyumba yake ikuoneka patsidya pa msewu, anayang'ana foni yake ili pakhutu la munthu wosamudziwa, n'kuuza kondakitala kuti apitirire, atsikira kutsogolo.